Katharine Drexel Woyera, Mayi wa Ana Okanizidwa Sukulu

Katharine Drexel anabadwira mu mzinda wa Philadelphia, m'dziko la America, pa 26 November 1858. Atate ake, Francis Drexel, anali mwini banki wa chuma chambiri. Amake anamwalira iye akali khanda, ndipo analeredwa ndi mayi wompeza, Emma, amene ankalandira amphawi pakhomo pawo katatu pa mlungu.

Ukapolo unatha m'dzikomo mu 1865, koma ana a anthu akuda sanapeze nawo mwayi. M'zigawo za kumwera ankaletsedwa kulowa sukulu za Azungu. Sukulu zawo zinali zowerengeka, zosowa mabuku, ndi zophunzitsa miyezi yochepa pa chaka. Ana a eni nthaka, amene analimo Azungu asanafike, anali m'mavuto omwewo. Tsono anawo potsalira m'mbuyo, ambiri ankati alibe nzeru. Katharine anaona kuti nzeru anali nazo, koma anasowa sukulu ndi mphunzitsi.

Atate ake atamwalira mu 1885, anamsiyira chuma chochuluka. Mu 1887 anapita ku Roma kukapempha Papa Leo XIII kuti atumize amishoni kwa eni nthakawo. Papa anamfunsa ngati iye mwini sangakhale mmishoniyo. Funsolo linamlasa mtima, ndipo mu 1891 anachita malumbiro ake, nayambitsa chipani cha Masisitere a Sakramenti Loyera.

Ntchitoyo sinali yopepuka. Pamene anagula nyumba ku New Orleans mu 1915 kuti ikhale sukulu ya ana akuda, adani anaswa mazenera ake. Iye sanabwerere m'mbuyo. Mu 1925 sukuluyo inabala Xavier University, ndipo aphunzitsi akuda ophunzira kumeneko anapita kukaphunzitsa m'midzi ya ku Louisiana. Pa moyo wake anatsegula sukulu ndi mishoni zoposa 60, nawonongerapo madola pafupifupi 20 miliyoni, iye mwini akukhala mu umphawi wa usisitere.

Mu 1935 anadwala mtima, ndipo zaka 20 zotsatira anazithera m'mapemphero. Anamwalira pa 3 March 1955. Papa Yohane Paulo II anamlemba m'gulu la oyera pa 1 October 2000.

Inu makolo ndi makatekisiti, mukaona mwana wa mmphawi akulephera kuwerenga, musafulumire kumtcha mbuli. Yambani mwafunsa ngati wadya, ngati ali ndi buku, ndi ngati alipo womphunzitsa.