Ambuye Joseph Kiwanuka (1899–1966)

Kawirikawiri makolo amatifunsa ife ansembe chifukwa chimene mwana wao amakhalira zaka zambirimbiri ku seminale, pamene anzake a msinkhu umodzi anakwatira kale namanga nyumba zao. Mbiri ya Ambuye Joseph Kiwanuka a ku Uganda itiyankhira funso limeneli.

Iwo anabadwa pa 25 Juni 1899 m'mudzi wa Nakirebe, m'dziko la Buganda, patapita zaka 13 chiphedwere Charles Lwanga ndi anzake pa Namugongo. Masiku amenewo Eklezia wa dera lija anali m'manja mwa Ambuye Henri Streicher, a chipani cha Abambo Oyera, amene anakhulupirira ndi mtima wonse kuti Chikhristu sichingazike mizu m'dziko popanda ansembe obadwira m'dziko lomwelo. Koma anakana kuwafupikitsira maphunziro: anafuna kuti mwana wa Buganda aphunzire zonse zimene wansembe wa ku Ulaya aphunzira. Ansembe awiri oyamba, Bambo Basil Lumu ndi Bambo Victor Mukasa, anadzozedwa mu 1913. Ndipo mu 1919 Papa Benedict XV analamula zomwezo m'kalata yake yonena za mamishoni, kuti ansembe a eni dziko aphunzitsidwe mokwanira, akathe kudzatsogolera anthu a mtundu wao.

Mnyamata Joseph analowa seminale yaing'ono ya Bukalasa mu 1914, nalimbana ndi Chilatini. Pambuyo pake anapita ku seminale yaikulu ya Katigondo, kumene anaphunzira filozofiya, ndiyo luso la kuganiza molongosoka, ndi teolojiya, ndiyo maphunziro a za Mulungu, pamodzi ndi Malembo Oyera. Analandira unsembe pa Villa Maria pa 26 Meyi 1929, zitatha zaka 15 chilowere ku seminale.

Tsono wina akadati zakwanira. Koma Ambuye Streicher anawatumanso ku Roma, ku sukulu yaikulu ya Adominikani yotchedwa Angelicum. Kumeneko anaphunzira malamulo a Eklezia, amene alongosola za kaperekedwe ka masakramenti, milandu ya maukwati, kasungidwe ka chuma cha Eklezia ndi udindo wa episkopi, ndipo mu 1932 analandira udokotala wa maphunzirowo. Atachita unovisi ku Algeria analowa chipani cha Abambo Oyera, nabwerera kwao kukatumikira Akhristu ndi kuphunzitsa pa Katigondo pomwe paja.

Phindu la zaka zonsezi linaoneka mu 1939. Papa Pius XII anawasankha kuti alamulire dera la Masaka, nawadzoza yekha m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma pa 29 Okutobala, pamodzi ndi aepiskopi ena 11 a m'maiko a mishoni. Katundu wake anali wolemera ndithu. Ansembe a m'maparishi a Masaka anali Aafrika okhaokha, ndipo maso a anthu ambiri, a ku Roma ndi a m'mamishoni, anali pa iwo. Ntchito ikadalephereka m'manja mwao, okayika aja akadati tinanena, ndipo khomo likadatsekekera Aafrika ena kwa zaka zambiri. Koma Ambuye Kiwanuka anadziwa malamulo, nadziwanso mtima wa anthu ao. Anatsegula maparishi ndi masukulu, ndipo pokumbukira njira imene anadzera iwo eni, anatumiza ansembe ao kunja kukaonjezera maphunziro.

Mu 1960 anasankhidwa kukhala arkiepiskopi wa Rubaga. Anakhala nao pa Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa Vatican, ndipo pa 18 Okutobala 1964 anali ku Roma pamene Papa Paul VI analengeza kuti Amartiri 22 a ku Uganda ndi oyera. Anamwalira pa 22 Febuluwale 1966, naikidwa m'tchalitchi chachikulu cha Rubaga.

Njira imene anaitsegula inafika ndi kuno kwathu. Chaka chomwe chija cha 1939 Abambo Oyera anatsegula seminale yaikulu ya Kachebere, ndipo mu 1957 Ambuye Cornelius Chitsulo anadzozedwa kukhala episkopi wa Dedza, woyamba mwa ana a dziko lino.

Chifukwa chake inu makolo, musanyinyirike poona mwana wanu akuchedwa ku seminale. Wansembe amene adzamasula Mau a Mulungu, kumvetsera anthu polapa ndi kuweruza milandu ya mabanja sayenera kukhala wophunzira mwatheka, pakuti akalakwa iye asokeretsa mudzi wonse. Ndipo inu aphunzitsi a m'mipingo, mukaona mnyamata wanzeru ndi wokonda mapemphero, muuzeni Bambo Mfumu, mumlimbitse mtima, ndi kumpempherera kufikira tsiku limene adzaimirira pa guwa.