KING GILLETTE: MUNTHU AMENE ANAPANGA KALEZA KOMETERA NDEVU

Loweruka madzulo, kaya ku Bwacha kaya ku Makululu, mudzapeza azibambo atakhala pabwalo ndi kabeseni ka madzi ofunda, sopo ndi kagalasi, akumeta ndevu kuti mawa akaoneke bwino ku chalichi. Kacitsulo kopyapyala kakuthwa mbali zonse ziwiri kamene amagula pa kantemba timakacha kaleza, ena amati lezala. Ambiri sadziwa kuti pali munthu amene anavutika nako zaka 8 kasanafike pamsika.

Munthuyo ndi King Camp Gillette. Anabadwa pa 5 Januwale 1855 ku Fond du Lac, m'cigawo ca Wisconsin ku America. King linali dzina cabe, sanali mfumu ai. Anakulira mu mzinda wa Chicago, ndipo moto waukulu umene unatentha mzindawo mu 1871 unasiya makolo ake alibe kanthu. Motero mnyamatayo analowa nchito yoyendayenda, kugulitsa malonda a eni ake.

Mmodzi mwa mabwana ake anali William Painter, amene anatulukira kacitsekero kamalata kamene timaona pa botolo la zakumwa. Bwanayu anamulangiza kuti ngati afuna kulemera, apange cinthu cimene munthu amagwiritsa nchito, nacitaya, nabweranso kudzagula cina. Uphungu umenewu unakhazikika mumtima mwa Gillette.

Masiku amenewo ambiri anali kumeta ndi lumo lalitali longa mpeni, lofuna kulinola pamwala ndi pacikopa kawirikawiri. Wosazolowera anali kudziceka nalo. Tsiku lina m'mawa mu 1895, ali ndi zaka 40, Gillette anapeza lumo lake litabunthiratu. Apa m'pamene anaona kuti pa lumo lonselo comwe cimameta ndi kukamwa kwake kokha. Nanga bwanji osapanga kacitsulo kopyapyala, kochipa, kokhala m'kogwirira kochinga khungu, koti kakabuntha n'kungotaya?

Akatswiri a zitsulo anamuuza kuti citsulo copyapyala cotero sicingalimbe kapena kuthwa. Iye sanagwe ulesi. Pomaliza anapeza William Nickerson, katswiri wa makina, amene anapeza njira yolimbitsira citsuloco ndi kucinola. Kampani yao inakhazikitsidwa ku Boston mu 1901. Imeneyi ndi nthawi yomwe kuno kwathu mtovu unapezeka ku Broken Hill mu 1902, njanji isanafike n'komwe, pakuti inafika mu 1906.

Ciyambi cinali cocititsa manyazi. Mu 1903 anagulitsa zogwirira 51 ndi malezala 168 basi. Koma caka cotsatira zogwirira zinapitirira 90,000. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la America linagawira asilikali ake zometera za Gillette mamiliyoni, ndipo atabwerera kwao sanafunenso lumo lakale lija. Nkhope yake ya ndevu zapamlomo inasindikizidwa pa kapepala kokulunga lezala, mwakuti anadziwika m'maiko amene sanapondemo phazi.

Codabwitsa n'cakuti mtima wa munthuyu sunali pa malezala pokha. Mu 1894 analemba buku lochedwa The Human Drift, lonena kuti mpikisano wa malonda ndiwo umabala umphawi ndi umbanda. Anafuna kuti nchito zonse zikhale m'manja mwa kampani imodzi ya anthu onse, ndi kuti anthu akhale mu mzinda umodzi waukulu wolandira magetsi kucokera ku mathithi a Niagara. Anafika popempha Theodore Roosevelt, mtsogoleri wakale wa America, kuti atsogolere kampani yotero, koma iye anakana. Maloto amenewa anathera m'mabuku.

Cuma naco sicinakhalitse. Malonda a dziko la America atagwa mu 1929, cambiri ca cuma cake cinapita. Anamwalira pa 9 Julayi 1932 ku Los Angeles ali ndi zaka 77. Kampani ya dzina lake inapitirira, ndipo mu 2005 inagulidwa ndi Procter & Gamble.

Tsono ife a ku Kabwe titolepo ciani? Kaleza anakapanga kuti kakatha nchito katayidwe, koma kwathu kuno kamayenda manja ambiri. Bambo akameta, mwana adulira zikhadabo, mnansi abwereka, mawa kali kwa sing'anga kutemera mphini banja lonse. Kamagazi kotsalira, ngakhale kosaoneka ndi maso, kangathe kupatsira wina kacilombo ka HIV kapena matenda a ciwindi. Kudula mcombo wa khanda ndi lezala yakale kumaitana kafumbata. Alimi, yomwe mwafulira nayo nkhumba isabwerere m'nyumba.

Pometa, fewetsani ndevu ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo, metani motsata kumene tsitsi lagonera, osakanikiza. Mbali imodzi ikayamba kukoka, tembenuzirani inayo. Zonse ziwiri zikabuntha, ikulungeni ndi kuiponya m'cimbudzi cokumba kumene ana sangaitole. Mtengo wa kaleza katsopano ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa ulendo wa kucipatala.