Daniel Kachamba: Gitala Limodzi Lolira Ngati Bandi

Anthu okonda nyimbo za jazi ali ndi muyeso wawo woyesera katswiri wa piyano. Iwo samuyesa pamene akuimba pakati pa anzake, pakuti ng'oma ndi malipenga zimakwirira zolakwa zambiri. Amadikira mbale imene munthuyo waimbapo yekhayekha, monga adachitira Art Tatum ku America, kapenanso Thelonious Monk pa mbale yake ya 1965 yotchedwa Solo Monk. Apo mpomwe pamaoneka ngati dzanja lamanzere lingasenze ntchito ya bandi yonse uku lamanja likuyendetsa nyimbo. Kuno kwathu piyano idali ya kumamishoni, kumahotela ndi kunyumba za Azungu monga zija za m'tsinde mwa phiri la Zomba. Mwana wa kumudzi sakadailota n'komwe. Choimbira chake chidali gitala, ndipo munthu amene adakhoza mayeso omwewa pa gitala ndi Daniel Kachamba.

Daniel adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, koma kwawo kwenikweni kudali m'mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka. Bambo ake, a James Kachamba, adali woimba gitala, choncho mwanayu adakula zingwe zikulira m'nyumba. Mu 1957 banjali lidasamukira ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare, monga ankachitira anthu ambiri a ku Nyasaland m'masiku a Chitaganya. Kumeneko adapeza nyimbo za kwela zili m'kamwam'kamwa. Kwela adabadwira m'misewu ya Johannesburg, kumene anyamata osauka ankamvera jazi wa ku America pa galamafoni ndi m'makanema, tsono posowa ndalama zogulira malipenga ankatsanzira ndi kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo. Maina a Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adali pakamwa pa mnyamata aliyense.

Atabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Daniel adayambitsa bandi pamodzi ndi mng'ono wake Donald. Zida zawo zidali zaumphawi: gitala, chitoliro, chisekese ndi babatoni, bezi wa chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi. Ankaimba m'misika, m'misewu ndi pamalo omwera mowa mumzinda wa Blantyre, anthu n'kumawaponyera makobili. Chodabwitsa nchakuti nthawi imeneyi kwela adali atayamba kale kuzilala ku Joni komwe adachokera, pamene ku Chileka ndiye adali kumera mizu yatsopano, akuimbidwa m'Chichewa.

M'chaka cha 1967 anyamatawa adakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, m'dziko la Austria, wofufuza za nyimbo za mu Africa, amenenso adayamba waimbako jazi kwawo. Iyeyu adaima pamsewu nazindikira kuti zimene ankamvazo sizidali masewera a ana. Adawajambula mawu ndi kanema, ndipo mu 1974 buku lake lonena za bandi ya abale awiriwa lidasindikizidwa m'Chingerezi. Mu 1972 Daniel adali atafika kale ku Ulaya kukaimba.

Komatu ukulu wa Daniel umamveka bwino akakhala yekha. Chala chachikulu chinkayenda pa zingwe zokhuthala kugwira ntchito ya babatoni, chala chamkombaphala chili kalikiliki pa zingwe zing'onozing'ono, mawu ake n'kumalowa pakati pa ziwirizo. Womvera osaona amatha kulumbira kuti pali anthu awiri kapena atatu. Adali kukunga zingwe m'njira zosiyanasiyana malinga ndi mtundu wa nyimbo, kaya ndi sinjonjo, kaya lumba imene adaitola ku rumba ya ku Congo ndi ku Kenya, kaya hauyani yoimba motsetsereka. Iye sadaphunzire kuwerenga manotsi a nyimbo, komabe kaimbidwe kakeka kadajambulidwa m'makanema awiri amene adasungidwa ku Göttingen, ku Germany, ndipo mu 1976 magazini ya akatswiri ofufuza za jazi yotchedwa Jazzforschung idasindikiza nkhani yaitali yokafotokoza. Aphunzitsi amene amauza ana kuti gitala ndi chida cha zidakwa akadayamba aganizapo pamenepa.

Pali chinthu chimodzi chowawa m'mbiri imeneyi. Wokonda jazi wofuna mbale za Monk amangolowa m'sitolo, pamene Mmalawi wofuna nyimbo zoyambirira za Kachamba kwa zaka zambiri adayenera kuyang'ana ku Vienna. Sikuti alendo adaba kanthu ayi. Adasunga chimene eni ake adalibe makina osungira, ndiponso ambiri mwa ophunzira a nthawi imeneyo ankaona woimba wa mumsewu ngati wopemphetsa chabe. Anthu wamba ndiwo adamlemekeza, namamutchula kuti Dokotala Daniel Kachamba, akamamva nyimbo zake pa wailesi ya MBC.

Daniel adamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40 zokha. Chaka chomwecho ku Chancellor College, sukulu yaukachenjede imene idasamukira ku Zomba mu 1973, kudatuluka buku la Kubik lounika nyimbo za Malawi, limene adalemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Mu 1992 nthambi yophunzitsa zaluso pa koleji yomweyo idatulutsa kaseti yokumbukira Daniel, ndipo zina mwa nyimbo zimene zidaoloka nyanja zidabwerera kwawo kudzera ku Chirunga. Donald adapitiriza kuliza chitoliro m'maiko ambiri, adakaphunzitsako ku yunivesite ya California ku Los Angeles mu 1999, ndipo adatsikira kuli chete mu January 2001.