Alexander Hetherwick wa ku Domasi

Kumpoto kwa tauni ya Zomba kuli chigwa chachonde cha Domasi. Mtsinje wa Domasi umachokera kumapiri a Zomba ndi Malosa nukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenechi muli mishoni yakale ya mpingo wa CCAP, imene adayambitsa ndi Mbusa Alexander Hetherwick.

Hetherwick adabadwira ku Scotland m'chaka cha 1860. Iye adaphunzira pa Yunivesite ya Aberdeen ndipo adali katswiri pa masamu. Akadafuna, akadapeza ntchito yapamwamba kwawo komweko, koma mtima wake udali pa kutumikira Mulungu. Motero m'chaka cha 1883 adafika pa mishoni ya Blantyre ali ndi zaka 23 zokha. Chaka chotsatira adamtuma kukatsegula mishoni yatsopano ku Domasi, m'dera la Mfumu Malemia.

Masiku amenewo m'dziko muno mudalibe mtendere. Malonda a akapolo adali asanathe, ndipo anthu ankagona khutu lili kunja poopa nkhondo. Misewu kudalibe, maulendo onse adali apansi. Malungo nawo adapha amishoni ambiri. Komabe mnyamatayu sadabwerere m'mbuyo, pakuti ankakhulupirira kuti Mulungu amene adamtuma ndi yemwe adzamsunge.

Atafika ku Domasi adaona kuti sangathandize anthu popanda kudziŵa chinenero chawo. Choncho adayamba kucheza ndi anthu a m'midzi, kumvetsera mau awo ndi kuŵalemba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono iye adadziŵa Chiyao, mwakuti m'chaka cha 1889 adatulutsa buku lophunzitsa chinenerocho. Adamasuliranso Chipangano Chatsopano m'Chiyao. Pamishonipo adatsegula sukulu, ndipo ana adayamba kuphunzira kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera. M'chaka cha 1895 ankhondo a Mfumu Kawinga ochokera kuphiri la Chikala adathira nkhondo dera la Malemia, koma mishoni ya Domasi siidafe.

M'chaka cha 1898 Hetherwick adaloŵa m'malo mwa David Clement Scott monga mkulu wa mishoni ya Blantyre. Kumeneko adakumana ndi ntchito ina yaikulu. Mishoni zosiyanasiyana zinkamasulira Mau a Mulungu, iliyonse m'kalankhulidwe ka dera lake. M'chaka cha 1900 amishoni adagwirizana zoti pakhale Baibulo limodzi la Chinyanja, ndipo adasankha Hetherwick kukhala wapampando wa komiti yake. Mbali yaikulu ya kumasulirako adaigwira ndi Mbusa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizidwa ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Ntchitoyo idatenga zaka 22, ndipo Buku Lopatulika lidatuluka m'chaka cha 1922.

Iye adafunanso kuti mpingo ukhale ndi abusa a m'dziko momwemuno. M'chaka cha 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre. Pogwirizana ndi Dr Robert Laws wa ku Livingstonia, iye adathandiza kukhazikitsa mpingo wa CCAP m'chaka cha 1924.

Hetherwick sankaopa kunena zoona. Itatha nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915, azungu ena adafuna kuti sukulu za amishoni ziletsedwe. Iye adaima pamaso pa bungwe lofufuza za nkhondoyo nateteza sukuluzo pamodzi ndi aphunzitsi ake. Adanenanso poyera kuti ngati munthu wakuda avulira mzungu chipewa, mzunguyo ayenera kubweza ulemuwo.

Atagwira ntchito zaka 45, adapuma m'chaka cha 1928 nabwerera kwawo. Adamwalira ku Aberdeen m'chaka cha 1939. Papita zaka zambiri chimwalirire, koma ntchito zake zikadalipo. Ku Domasi anthu akupempherabe ndipo ana akuphunzirabe, pamene Buku Lopatulika likuŵerengedwa ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Munthu wokhulupirira Mulungu ndi wolimbika pa ntchito amasiyira chuma chosatha ngakhale anthu amene sadamuone.

Mafunso
1. Kodi Hetherwick adafika liti ku Domasi?
2. Tchulani mavuto atatu amene adali m'dziko muno panthaŵiyo.
3. N'chifukwa chiyani iye adaphunzira Chiyao?
4. Kodi ntchito yomasulira Buku Lopatulika idatenga zaka zingati?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.