MBIRI YA MAI BELVA LOCKWOOD, LOYA WA KU AMERICA

Mai Belva Lockwood anabadwa m'caka ca 1830 ku Royalton, m'cigawo ca New York, ndipo atate ao anali mlimi. Anayamba nchito ya uphunzitsi ali ndi zaka 14, napeza kuti aphunzitsi aakazi analikulandira malipiro ocepa kuposa amuna, cinkana nchito inali imodzimodzi. Mwamuna wao woyamba atamwalira m'1853 anatsala ndi kamwana kakakazi, komabe anabwerera ku sukulu, natsiriza maphunziro ku Genesee College m'1857.

Atasamukira ku Washington anaphunzira za malamulo ku National University Law School. Pamene anatsiriza, akuluakulu a sukuluyo anawamana setifiketi cifukwa anali mkazi. M'1873 analembera kalata President Grant, amene mwa udindo wace analinso mkulu wa sukuluyo, ndipo patapita masiku owerengeka setifiketiyo inaperekedwa.

M'1876 bwalo lalikulu koposa la dzikolo, lochedwa Supreme Court, linawakaniza kunena milandu pamaso pace, ponena kuti kuyambira kale nchitoyo inali ya amuna okha. Mai Lockwood anaona kuti pofunika kukonza ndi pa lamulo penipeni. Cotero anapita ku Congress, ndiyo nyumba ya malamulo, nadandaulira aphungu kosalekeza kufikira lamulo latsopano linabvomerezedwa m'1879. Pa 3 March caka comweco anakhala mkazi woyamba kulembedwa m'buku la maloya a bwalolo.

Atalandiridwa iwo, anakumbukira ena amene anatsalira kunja. M'1880 anaimika Samuel Lowery, loya wakuda, pamaso pa oweruza kuti iyenso alandiridwe, ndipo zinatheka. M'1906, ali ndi zaka 75, anali mmodzi wa maloya oimira a Cherokee, eni nthaka akale a m'America, pa mlandu wa ndalama za malo ao, ndipo Boma linalamulidwa kuwalipira madola pafupifupi 5,000,000.

Kawiri konse, m'1884 ndi m'1888, anaima pa cisankho ca President m'dzina la Equal Rights Party, angakhale iwo eni sanali kuloledwa kuvota. Anadziwa kuti sadzapambana. Cimene anafuna ndico kuti nkhani ya voti ya akazi imveke m'dziko lonse. Anamwalira ku Washington m'1917, asanaponyepo voti pa cisankho ca President. Patangopita zaka zitatu, m'1920, malamulo aakulu a America anasinthidwa kuti munthu asakanizidwenso kuvota cifukwa ca kukhala mkazi.