Samuel Coleridge-Taylor, Wopeka Nyimbo za Gule

Ana a ku Simonga, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, adziwa bwino kuti ng'oma ikafulumira mapazi a obvina nawonso afulumira, ndipo ikabweza iwonso abweza. Ku Ulaya kulinso nyimbo za gule, koma ziimbidwa ndi gulu lalikuru la anthu, ena ndi mavayolini onga kaligo, ena ndi zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Gulu lotere licedwa okestra. Mmodzi mwa anthu amene anapeka nyimbo zotere anali mwana wa munthu wa ku Africa.

Samuel Coleridge-Taylor anabadwira mu London pa 15 August, 1875. Atate wace anali dotolo wa ku Sierra Leone, koma anabwerera kwao mwanayo asanabadwe. Tsono Samuel analeredwa ndi amace ku Croydon, ndipo agogo ace, amene anali wosula zitsulo za ku mapazi a akavalo, ndiwo anayamba kumphunzitsa vayolini. Ana anzace anali kumseka cifukwa ca khungu lace, koma iye sanaleke kuimba. Ali ndi zaka 15 analowa sukulu yaikuru ya nyimbo, Royal College of Music, kumene Charles Stanford anamphunzitsa kupeka.

M'caka ca 1898 mbiri yace inamveka. Wopeka wina wochuka, Edward Elgar, anamchula kwa eni cikondwerero ca nyimbo ca ku Gloucester, ndipo Samuel anawalembera Ballade in A minor. Ana amene aphunzira do, re, mi adziwa kuti nyimbo yokhazikika pa la imveka ngati ya cisoni. Imeneyo ndiyo minor. Nyimbo yokhazikika pa do imveka yowala ndi yokondwa. Imeneyo ndiyo major.

Nthawi yomweyo analemba African Suite, ya zigawo zinai. Cigawo cotsiriza, Danse Nègre, ndi gule, ndipo anacikonza kuti okestra yonse iimbe. Pamwamba pace analemba mau a Citaliyana akuti Allegro assai, ndiko kuti mofulumira ndithu. Guleyo ayamba ndi mphamvu, zoimbira zonse zikuthamanga pamodzi monga anyamata olowa m'bwalo. Pakati pace nyimbo ifewa, nikhala yofatsa ngati munthu wokumbukira kwao. Kenaka liwiro libwerera, ndipo gule atha ndi cimwemwe. Motero wopeka wanzeru asintha mtima wa omvera posanena mau ngakhale amodzi.

Samuel sanafike ku Africa, koma mtima wace unali komweko. Mu 1900 anakhala nao pa msonkhano woyamba wa Pan-African mu London. Mu 1905 anaturutsa nyimbo 24 za anthu akuda zoimba pa piyano. Zina mwa izo zinali za Aronga a kumwera kwa Mozambique, zimene mbusa Henri Junod anazilemba. Mu 1910 anatsogolera okestra ku America poimba The Bamboula, gule wocokera kwa anthu akuda a ku West Indies.

Koma kuchuka sikunamlemeretse. Nyimbo yace yaikuru, Hiawatha's Wedding Feast, anaigulitsa kwa osindikiza pa mtengo wa mapaundi 15 ndi masheleni 15 okha. Mabuku ace anagulidwa ambirimbiri, koma phindu linapita kwa ena. Cifukwa cace anagwira nchito usana ndi usiku, kuphunzitsa ndi kutsogolera oimba, kuti adyetse mkazi wace ndi ana awiri. Thupi linafooka, ndipo tsiku lina anagwa pa siteshoni ya sitima ku West Croydon. Anamwalira ndi cibayo pa 1 September, 1912, ali ndi zaka 37.

Mfumu George V inapatsa mkazi wamasiyeyo mapaundi 100 caka ndi caka. Anthu ambiri anacita manyazi ndi umphawi wa banjalo, ndipo mu 1914 kunakhazikitsidwa bungwe loona kuti opeka alandire mphotho nyimbo zao zikaimbidwa.

MAFUNSO

1. Kodi mau akuti Allegro assai atanthauzanji?
2. Nyimbo yokhazikika pa la isiyana bwanji ndi yokhazikika pa do?
3. Cifukwa ninji Samuel anafa wosauka?
4. Chulani magule awiri a kwanu, wina wofulumira, wina wofatsa.