Samuel Josia Ntara: Mphunzitsi Amene Analemba za Anzake

Tisanayambe kukambirana, tiyeni tiwerenge ndime izi mosinthana, aliyense ndime imodzi, ndipo tisafulumire.

Ife a kuno ku Nachisaka dzina loti Nthondo timalidziwa bwino, pakuti ku Ntchisi kuli Mfumu Yaikulu ya dzina limeneli. Ena mwa ife, makamaka achikulire, tikukumbukiranso kabuku kotchedwa Nthondo kamene kankawerengedwa m'sukulu. Koma tikafunsana kuti analemba kabukuko ndani, ambiri timangoyang'anana. Mwini wake anali Samuel Josia Ntara, amene ena amalemba dzina lake kuti Nthara. Anabadwa m'chaka cha 1905 ndipo anamwalira mu 1976. Lero tikufuna kuona moyo wa munthu ameneyu, amene anathera mphamvu zake kusunga mbiri ya anthu ena.

Ntara anabadwa pa nthawi imene sukulu zinali zitangoyamba kumene m'chigawo chino chapakati. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anafika ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, mu 1889. Mu 1894 anatsegula Kongwe, kuno kwathu ku Dowa, ndipo mu 1896 anakhazikika ku Nkhoma. M'sukulu za mishoni imeneyi ndi mmene Ntara anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, mpaka iyenso anakhala mphunzitsi. Masiku amenewo mabuku a m'Chinyanja anali ochepa, ndipo ambiri anali olembedwa kapena omasuliridwa ndi azungu. Mwana wa sukulu ankawerenga za maiko akutali, koma za m'mudzi mwake ankangozimva pamoto madzulo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Afirika. Ntara analemba Nthondo, ndipo bukulo linapata mphoto. Nthondo wa m'bukumo ndi munthu wopeka, koma moyo wake ndi wa munthu amene aliyense wa ife angamuloze m'mudzi mwake. Tikumuona akubadwa, akukula ali mwana wovuta ndi wakuba, akuchoka kwawo kukafuna ntchito kutali, akubwerera, akulowa ufumu, kenako akusintha mtima ndi kulowa Chikhristu asanamwalire. M'kati mwa nkhaniyo muli miyambo ya kubadwa kwa mwana, milandu ya pabwalo, ukwati ndi maliro, monga momwe Achewa ankachitira.

Mbusa wa ku Scotland, Thomas Cullen Young, amene anagwirapo ntchito ku Livingstonia, anamasulira bukuli m'Chingerezi. Linatuluka ku London mu 1934 ndi dzina loti Man of Africa, ndipo mawu oyamba analemba ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. Taganizani: anthu a ku Ulaya ankawerenga za mudzi wa Achewa kuchokera m'cholembera cha Mchewa, pamene mwini wakeyo anali kuno kwathu, akupitiriza ntchito yake ya uphunzitsi.

Kutchuka kumeneku sikunamuchotse pakati pa anthu ake. Anatembenukira kwa akuluakulu, namvetsera zimene ankakumbukira za makolo. M'zaka za m'ma 1940 munatuluka Mbiri ya Achewa, buku losonkhanitsa zimene nkhalamba zinkasimba za Kalonga, za a Phiri ndi a Banda, ndi za mafumu amene anamwazikana m'dziko lino. Mu 1973 bukuli linasindikizidwa m'Chingerezi ku Germany, litamasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ndipo ofufuza mbiri akuligwiritsabe ntchito. Amene anamusimbira nkhanizo onse anapita kale. Chikhala kuti iye anazengereza, zambiri zikanalowa nawo m'manda.

Buku lina limene likutikhudza kwambiri ife a ku Dowa ndi la Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Chibanzi kufupi ndi Kongwe. Msyamboza anali munthu weniweni. Anakhala ndi moyo pa nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga, naonanso kubwera kwa amishoni ndi boma la atsamunda. Sanaope zinthu zatsopano: analandira sukulu m'mudzi mwake, nayamba ulimi wothirira ndi kulima tirigu. Cullen Young anamasuliranso bukuli, ndipo linatuluka mu 1949 ndi dzina loti Headman's Enterprise. Ntara analembanso Nchowa, nkhani ya moyo wa mayi, ndiponso mbiri ya Mbusa Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa oyamba achikuda a ku Nkhoma. Pamene Chichewa chinkasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lino mu 1968, chinapeza mabuku ake alipo kale.

Tisaganize kuti ntchito yake inalibe pokayikitsa. Iye anali mwana wa mishoni, ndipo ankaona zinthu zambiri ndi maso a kumene anaphunzira. Owerenga ena amaona kuti mathero a Nthondo ndi amene amishoni akanakondwera nawo. Ofufuza mbiri nawonso amayerekeza zimene iye analemba ndi zimene anamva kwa nkhalamba za madera ena, ndipo pena amapeza kusiyana. Komabe amatha kutero chifukwa chakuti iye analemba. Chimene sichinalembedwe, palibe angachikonze.

Tikaika mabuku amenewa pamodzi, tiona chinthu chimodzi: onse akunena za anthu ena. Mnyamata wa m'mudzi, mayi, mfumu, mbusa, makolo a mtundu. Mlembi waima kumbuyo, monga amaimira munthu wogwira nyali kuti anzake aone njira.

Pali alembi ena amene anabisala m'njira ina. Ku America kunali J. D. Salinger, amene buku lake The Catcher in the Rye linatuluka mu 1951 ndipo linamutchukitsa dziko lonse. Kutchukako kunamulemera. Mu 1953 anasamukira ku kamudzi ka Cornish, ku New Hampshire, nayamba kupewa atolankhani. Nkhani yake yomaliza inasindikizidwa mu 1965, ndipo mpaka pamene anamwalira mu 2010 sanatulutsenso china, ngakhale kuti ankalembabe. Sitikumuweruza, pakuti anali msilikali amene anaona zoopsa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala phee. Koma kusiyana kwa awiriwa ndi koti tikuganizire. Wina anabisala pamodzi ndi zolemba zake. Wina anangobisa dzina lake kumbuyo kwa anzake, koma zolembazo anazipereka kwa anthu.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa nafenso tili ndi nkhalamba zathu. Alipo amene akudziwa chifukwa chake mudzi wathu unasamuka, amene akukumbukira njala ya 1949, amene anapita ku Joni kapena ku Halale nabwerako. Timati mawu a akulu akoma akagonera, koma mawu amagonera pokhapokha wina atawasunga. Ntara analibe foni yojambulira mawu. Anali ndi khutu, cholembera ndi chipiriro. Ife tili ndi zipangizo zoposa zake, komabe maliro aliwonse a nkhalamba amatichotsera nkhani zimene sitinafunse.

Tsopano tiyeni tikambirane mafunso awa:

1. Kodi kudzichepetsa kumasiyana bwanji ndi kubisa luso limene tili nalo?

2. Ndi ntchito ziti m'mudzi mwathu zimene zimapindulira onse, koma ozigwira sitiwatchula?

3. Ntara analemba monga munthu wa nthawi yake. Tingachite chiyani kuti tilembe mawu a agogo athu mokhulupirika, osawonjezera maganizo athu?

4. Ndi nkhalamba iti imene awiri mwa ife angakacheze nayo sabata ino? Tikaifunsa chiyani, ndipo adzalemba ndani?